Mowa, Vinyo, Mafuta a M'magazi ndi Mtima wa Munthu

MAWU OYAMBA

Amayi, mwezi ndi mwezi mumabwera ndi ana anu ku sikelo kuno ku Thuchila kuti ayezedwe ndi kulandira katemera. Mumachita bwino kwambiri. Koma umoyo wa mwana sudalira katemera ndi phala zokha ayi. Mwana amakula bwino pamene mayi ndi bambo ake ali moyo, ali ndi mphamvu zogwira khasu, ndiponso akutha kupeza chakudya cha pakhomo. Bambo akafa ziwalo ali ndi zaka 45, kapena mayi akayamba kutupa miyendo kaamba ka matenda a mtima, woyamba kuvutika ndi mwana wamng'ono uja.

Nchifukwa chake phunziro lino likukamba za mowa ndi vinyo. Pali mawu amene amamveka m'misika, m'maminibasi ndi pa mafoni, akuti vinyo wofiira amatsuka magazi ndi kusungunula mafuta, ndiponso kuti botolo limodzi la mowa pa tsiku ndi mankhwala a mtima. Ena amakhulupirira mawuwa ndi mtima wonse. Tiyeni tione kumene adachokera, chimene chili choona mwa iwo, ndi chimene chili chabodza.

MTIMA NDI MITSEMPHA YA MAGAZI

Mtima wa munthu ndi waukulu ngati chibakera chake. Ntchito yake ndi kupopa magazi kuti afike m'ziwalo zonse. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda kuyambira ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Supuma usana kapena usiku.

Magazi amayenda m'mitsempha monga momwe madzi amayendera m'mipope. Mtsempha wabwino ndi wosalala mkati ndipo umatha kutamuka. Ukayamba kukhakhala, kuuma ndi kuchepa mkati, magazi amadutsa movutika. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima, mbali ina ya mtima imafa. Ukatsekeka kapena kuphulika mtsempha wa mu ubongo, munthu amagwidwa ndi sitiroko, matenda amene timati kufa ziwalo.

Zinthu zazikulu zimene zimaononga mitsempha ndi zinayi: kuthamanga kwa magazi, fodya, matenda a shuga, ndi kuchuluka kwa mafuta oipa m'magazi. Mowa umakhudzana ndi zonse zinayi, pakuti umakweza magazi, umasokoneza shuga ndi mafuta, ndipo kawirikawiri kumene kuli mowa kulinso fodya.

MAFUTA A M'MAGAZI

Munthu aliyense, wonenepa kapena woonda, ali ndi mafuta m'magazi mwake. Thupi limawafuna. Ena amachokera m'zakudya, koma ambiri amapangidwa ndi chiwindi. Alipo a mitundu itatu imene muyenera kuidziwa.

1. Kolesterolo wotchedwa LDL. Uyu ndiye amene anthu amati woipa. Akachuluka amalowerera m'makoma a mitsempha ndi kuunjikana pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, monga momwe mchenga umakwiririra ngalande.

2. Kolesterolo wotchedwa HDL. Uyu ndiye amene amati wabwino, chifukwa amanyamula kolesterolo wina kuchokera m'thupi ndi kubwerera naye ku chiwindi.

3. Mafuta otchedwa triglycerides. Awa ndi mafuta osungira mphamvu. Tikadya kapena kumwa zoposa zimene thupi likufuna, makamaka shuga ndi mowa, chiwindi chimasandutsa zotsalazo kukhala mafuta amenewa.

Dziwani ichi: kuchuluka kwa mafuta m'magazi sikupweteka ndipo sikuoneka ndi maso. Munthu woonda angathe kukhala nawo ochuluka. Amadziwika poyeza magazi basi, ndipo kuyeza kotere kumachitika m'zipatala zikuluzikulu.

KODI MU MOWA MULI CHIYANI?

Mitundu ya mowa ndi yambiri. Pali masese ofulula ndi chimanga ndi chimera, pali chibuku cha m'mapaketi, pali kachasu wotcheza, pali mowa wa m'mabotolo umene udayamba kufululidwa mu Blantyre pamene kampani ya Carlsberg idatsegula fakitale yake mu 1968, ndipo pali vinyo wa mphesa amene ambiri amachokera ku South Africa. Maonekedwe, fungo ndi mtengo zimasiyana. Koma chimene chimaledzeretsa mwa yonseyi ndi chimodzi, ndipo asayansi amachitcha ethanol. Chiwindi sichidziwa ngati ethanol wabwera m'chipanda kapena m'tambula yagalasi.

Chofunika ndi kuchuluka kwake. Onani miyeso iyi:

Botolo la mowa la mamililita 330, la ukali wa 5 pa 100, lili ndi magalamu pafupifupi 13 a ethanol.

Tambula yaing'ono ya vinyo ya mamililita 125, wa ukali wa 12 pa 100, ili ndi magalamu pafupifupi 12.

Lita imodzi ya mowa wamasese wa ukali wa 4 pa 100 ili ndi magalamu oposa 30. Mowa wotere umapitirira kuwira, kotero ukali wake umakwera ukamagonera.

Kachasu alibe muyeso umodzi, chifukwa wotcheza aliyense amatcheza mwa njira yake. Koma ngati ukali wake uli 40 pa 100, botolo la mamililita 300 lili ndi magalamu pafupifupi 95, ofanana ndi mabotolo 7 a mowa wa m'sitolo.

Motero munthu amene amati, "Ine ndangomwa kabotolo kamodzi ka kachasu," wamwa mowa wochuluka kwambiri.

ZIMENE MOWA UMACHITA NDI MAFUTA A M'MAGAZI

Mowa ukalowa m'mimba umapita msanga m'magazi ndi kukafika ku chiwindi. Thupi lilibe posungira ethanol, ndipo limamuona ngati poizoni woyenera kuchotsedwa mofulumira. Choncho chiwindi chimayamba chasiya ntchito zina kuti chithane naye. Ili ngati nthawi imene moto wabuka pa denga: mayi amasiya mphika pa mafuwa nathamangira kukazimitsa.

Imodzi mwa ntchito zimene chiwindi chimasiya ndiyo kutentha mafuta. Mafutawo amaunjikana m'chiwindi momwemo, ndipo ena chimawatumiza m'magazi. Zotsatira zake ndi izi:

Choyamba, ma triglycerides amakwera. Izi zimachitika ndi mowa wa mtundu uliwonse, ndipo zimanyanya ngati munthu akumwa uku akudya nyama yonona, kanyenya kapena tchipisi, ngakhalenso ngati ali ndi matenda a shuga. Akakwera kwambiri angathe kutupitsa kapamba, chiwalo chimene chimapanga insulini. Wodwalayo amamva kupweteka koopsa pamwamba pa mimba kolasa kumsana, ndipo ena amafa nako.

Chachiwiri, chiwindi chimadzaza mafuta. Munthu akasiya mowa pa nthawi imeneyi, chiwindi chingathe kuchira pa milungu yowerengeka. Akapitiriza kwa zaka, chimatupa, kenaka chimauma ndi kuchita zipsera, ndipo apo sichibwereranso mwakale.

Chachitatu, thupi limanenepa, makamaka pamimba. Galamu imodzi ya ethanol ili ndi makalori 7, pamene galamu ya shuga ili ndi 4 ndipo ya mafuta ili ndi 9. Mimba yaikulu ya womwa mowa si chizindikiro cha ulemerero ayi. Mafuta a pamimba ndiwo amakokera munthu ku matenda a shuga ndi a mtima. Komanso alipo omwa kachasu amene amaonda chifukwa chosadya. Iwonso chiwindi chawo chimakhala ndi mafuta.

Chachinayi, kolesterolo wa HDL amakwera pang'ono. Ichi ndi choona, ndipo ndi pamene padagona nkhani yonse yakuti mowa ndi wabwino ku mtima. Koma mowa suchotsa kolesterolo woipa amene waunjikana kale m'mitsempha. Ndiponso madokotala adayesa mankhwala okweza HDL kuposa momwe mowa umachitira. Amodzi mwa iwo, otchedwa torcetrapib, adaimitsidwa mu 2006 chifukwa odwala amene ankamwa ankafa ochuluka kuposa amene sankamwa. Apa padaoneka kuti kungokweza HDL sikutanthauza kuti mtima watetezedwa.

NKHANI YA VINYO WOFIIRA IDACHOKERA KUTI?

Mu 1992 asayansi awiri a ku France, Serge Renaud ndi Michel de Lorgeril, adalemba kuti anthu a dziko lawo amadya mafuta ambiri a nyama ndi a mkaka, koma safa kwambiri ndi matenda a kutsekeka kwa mitsempha ya mtima poyerekeza ndi maiko ena. Iwo adaganiza kuti mwina chifukwa chake ndi vinyo. Nkhaniyi idafala dziko lonse, ndipo ogulitsa vinyo adaikonda. Kafukufuku wina wambiri adaonetsanso kuti omwa pang'ono amaoneka athanzi kuposa osamwa konse.

Koma panali msampha m'kuwerengako. Dokotala wina, Gerald Shaper, amene adagwirapo ntchito ku Makerere m'dziko la Uganda, adauonetsa kale mu 1988 pofufuza amuna a ku Britain. M'gulu la "osamwa" munali anthu ambiri amene adasiya mowa chifukwa adali atadwala kale. Odwala otere akaikidwa pamodzi ndi osamwa, gulu lonse limaoneka lodwaladwala, ndipo omwa pang'ono amaoneka ngati athanzi. Kuwonjezera apo, m'maiko olemera omwa vinyo pang'ono kawirikawiri ndi anthu opeza bwino, odya bwino, ndi oonana ndi dokotala pafupipafupi.

Kafukufuku wa zaka zotsatira adawongola nkhaniyi. Mu 2018 asayansi adaphatikiza zotsatira za anthu omwa mowa pafupifupi 600,000 a m'maiko 19. Adapeza kuti ngakhale matenda amodzi, a kutsekeka mwadzidzidzi kwa mtsempha wa mtima, ankaoneka ocheperapo mwa omwa, sitiroko, kufooka kwa mtima ndi imfa za kuthamanga kwa magazi zinkachuluka pamene mowa ukuchuluka. Mu 2019 kafukufuku wa anthu oposa 500,000 ku China adaonetsa kuti mowa umakweza magazi ndi kuchulukitsa sitiroko, ndipo kuti kumwa pang'ono sikuteteza ku sitiroko.

Mu 2022 bungwe la World Heart Federation, limene limasonkhanitsa mabungwe a madokotala a mtima a dziko lonse, lidanena kuti palibe muyeso wa mowa umene uli wabwino ku mtima. Mu Januwale 2023 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidanenanso kuti palibe muyeso wa mowa umene tinganene kuti ulibe chiopsezo ku umoyo. Chifukwa china nchakuti mowa umayambitsa khansa, monga ya kum'mero, ya chiwindi, ya m'matumbo ndi ya m'mawere. Kumwa pang'ono kuli ndi chiopsezo chochepa, kumwa kwambiri kuli ndi chiopsezo chachikulu, koma mowa si mankhwala.

Nanga kufiira kwa vinyo? Kumachokera ku makungu a mphesa. Sikukhudzana ndi magazi a munthu. Vinyo sawonjezera magazi. Zinthu zothandiza zimene zili m'makungu a mphesa ndi zochepa kwambiri m'tambula ya vinyo, ndipo zofanana nazo zimapezeka m'zipatso, m'masamba, mu mtedza ndi mu tiyi amene amalimidwa konkuno ku Mulanje, popanda kuledzera.

NJIRA ZINAYI ZIMENE MOWA UMAPWETEKERA MTIMA

1. Umakweza magazi. Iyi ndiyo njira yaikulu. Magazi a munthu wamkulu akamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo pa masiku osiyana, timati akuthamanga. Chosangalatsa nchakuti womwa kwambiri akachepetsa mowa, magazi ake amatsika pa milungu yochepa.

2. Umasokoneza kagundidwe ka mtima. Munthu akamwa kwambiri nthawi imodzi, monga pa ukwati, pa sadaka kapena tsiku lolandira ndalama za nandolo, mtima ungathe kuyamba kugunda mothamanga ndi mosalongosoka. Pamenepo magazi amatha kuundana mkati mwa mtima, ndipo kachibuma kake kakapita ku ubongo munthu amafa ziwalo.

3. Umafooketsa mnofu wa mtima. Womwa kwambiri kwa zaka zambiri mtima wake umakula ndi kulobodoka. Amapuma movutika, amalephera kugona chagada, ndipo miyendo imatupa.

4. Umalimbana ndi mankhwala. Woledzera amaiwala kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a TB kapena ma ARV. Mowa pamodzi ndi mankhwala a TB umapweteka chiwindi. Kwa wodwala shuga amene ali pa mankhwala, mowa womwa osadya ungagwetse shuga mpaka munthu kukomoka, anthu nkumayesa kuti wangoledzera.

MMENE ZINTHU ZILILI KUNO KWATHU

Ena amati matenda a mtima ndi a azungu kapena a mabwana a m'tauni. Sizoona. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi WHO udayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko lonse la Malawi. Padapezeka kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, m'midzi ndi m'tauni momwe, ndipo 9 mwa 10 aliwonse a iwo sankadziwa kapena sanali pa mankhwala. Padapezekanso kuti amuna 3 mwa 10 aliwonse ankamwa mowa, pamene amayi omwa anali ochepa kwambiri, ndiponso kuti pakati pa amuna omwawo ambiri ankamwa wochuluka nthawi imodzi.

Mfundo imeneyi njofunika. Nkhani ya ku France inkanena za tambula imodzi ya vinyo pa chakudya. Kamwedwe kofala kuno nkosiyana: munthu amakhala masiku osamwa, kenaka akapeza ndalama amamwa mpaka kudzandira. Kamwedwe kotere ndi koopsa ku mtima. Komanso nthenda imene imagwetsa anthu ambiri kuno ndi kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko, zomwe mowa umazikulitsa.

Boma lidaona vutoli. Mu 2015 lidaika malamulo oletsa mowa waukali wa m'masacheti, umene unkagulidwa ngakhale ndi ana a sukulu, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Malamulo salola kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18.

MAYI WOYEMBEKEZERA, MAYI WOYAMWITSA NDI MWANA

Mayi woyembekezera asamwe mowa wa mtundu uliwonse, ngakhale pang'ono, kuyambira pamene akuganiza zotenga pathupi mpaka kubereka. Mowa umadutsa kwa mayi ndi kukafika kwa mwana m'mimba, ndipo chiwindi cha mwanayo sichingathe kuuchotsa. Mwana angabadwe wochepa thupi, wa mutu waung'ono, wa chilema cha mtima, kapena wovutika kuphunzira moyo wake wonse. Madokotala adapatsa vutoli dzina mu 1973. Lilibe mankhwala ochiritsa, koma limapewedwa kotheratu posamwa.

Ngati magazi anu ndi ochepa, musafune vinyo. Imwani mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira ku sikelo ya amayi oyembekezera, gonani m'neti, ndipo idyani nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso, usipa, matemba ndi mazira.

Mayi woyamwitsa adziwe kuti mowa umalowa mu mkaka wa m'mawere. Mawu akuti masese amachulukitsa mkaka ndi olakwika. Mowa umachedwetsa kutuluka kwa mkaka, mwana amayamwa wochepa ndipo sagona bwino. Chimene chimachulukitsa mkaka ndi kuyamwitsa pafupipafupi usana ndi usiku, kudya mokwanira ndi kumwa madzi. Thobwa la lero lotsekemera ndi labwino, koma likagonera ndi kuyamba kuwawasa ndi kuchita thovu limasanduka mowa. Mayi kapena bambo woledzera asagone pamphasa imodzi ndi khanda, chifukwa angaligonere.

Musampatse mwana masese kuti agone kapena kuti akhute. Mowa wochepa chabe ungagwetse shuga wa m'magazi a mwana mpaka kukomoka. Amayi amene mumafulula kapena kutcheza kuti mupeze ndalama, sungani mowa pamalo amene mwana sangafike, musauike m'mabotolo a zakumwa za ana, ndipo chepetsani chizolowezi cholawa mowa tsiku lonse, pakuti timakapu tolawa tambiri timakwana botolo.

ZIMENE ZIMATETEZADI MTIMA

Mankhwala enieni a mtima ambiri ali m'munda mwanu ndi m'khitchini mwanu.

1. Idyani zakudya za magulu onse 6: zokhutitsa, za nyemba, za masamba, zipatso, zochokera ku nyama, ndi za mafuta. Nandolo, nyemba, khobwe ndi soya zimathandiza kutsitsa kolesterolo woipa. Nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera.

2. Sankhani mafuta abwino. Nsinjiro, mapeyala ndi nsomba zili ndi mafuta okomera mtima. Chepetsani nyama yonona ndi zokazinga m'mafuta obwereza kambirimbiri. Pophika ndiwo, sipuni ya mafuta ikwana, ndiwo zisamasambire m'mafuta.

3. Chepetsani mchere. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasipuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo mchere wa m'ndiwo ndi wa m'nsomba zouma. Musaike mchere wina pambali pa mbale.

4. Chepetsani shuga mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, chifukwa nazonso zimakweza ma triglycerides.

5. Idyani zipatso za nyengo yake: mango, nthochi, mapapaya, magwafa ndi chinanazi.

6. Gwiritsani ntchito thupi. Kulima, kuyenda ndi kupalasa njinga kumakweza HDL popanda kupweteka chiwindi. Amene amakhala pansi tsiku lonse pa geni ayende ndawala mphindi 30 pa masiku 5 a sabata.

7. Pewani fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe. Wosuta asasutire m'nyumba muli ana.

8. Yezetsani magazi anu ngati akuthamanga, kamodzi pa chaka ngakhale musakudwala. Kuyeza sikupweteka ndipo kumatenga mphindi zochepa. Funsani pa chipatala cha Thuchila. Ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Mulanje, ndipo ena ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Mukapatsidwa mankhwala, imwani tsiku lililonse, musasiye chifukwa mukupeza bwino.

NGATI BAMBO A KUNYUMBA AMAMWA

Ambiri a inu simumwa, koma mumakhala ndi womwa. Nkhani ya mowa njovuta kuikamba pabanja, choncho isankhireni nthawi. Musaiyambe pamene bambo aledzera kapena ali ndi matsire. Dikirani tsiku limene mitima ili pansi. Yambani ndi umoyo wawo ndi tsogolo la ana, osati ndi kunyoza. Apempheni kuti mupite limodzi kukayezetsa magazi. Amuna ambiri amamvera akaona nambala yawo ndi maso awo.

Werengerani pamodzi ndalama zimene zimapita ku mowa pa mwezi, ndipo muone kuti zikadagula mazira angati, sopo, kapena feteleza wochuluka bwanji.

Amene sanayambe kumwa asayambe pofuna kuteteza mtima. Amene amamwa achepetse: asamwe tsiku ndi tsiku, asamwe wambiri nthawi imodzi, asamwe pa njala, ndipo asakwere njinga yamoto kapena kuyendetsa galimoto atamwa. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga, chiwindi, mtima, khunyu kapena zilonda za m'mimba, ndi bwino asiyiretu.

Koma chenjerani. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, amene amanjenjemera m'mawa mpaka atamwako, asasiye mwadzidzidzi payekha. Angathe kugwa ngati wakhunyu kapena kusokonezeka mutu. Abwere ku chipatala kuti athandizidwe kusiya bwinobwino. Uchidakwa ndi matenda, ndipo chithandizo chilipo.

Ngati mowa wabweretsa nkhanza pakhomo, musavutike chamumtima. Uzani ankhoswe, amfumu, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena apolisi a nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

ZIZINDIKIRO ZOFUNIKA KUTHAMANGIRA KU CHIPATALA

Pitani ndi wodwala ku chipatala nthawi yomweyo mukaona izi:

Kamwa yapotoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka mwadzidzidzi, kapena akulephera kulankhula.

Chifuwa chikupweteka ngati chapanikizidwa ndi mwala, ululu ukufika ku dzanja kapena ku nsagwada, ndipo akutuluka thukuta.

Akubanika, mtima ukugunda mosalongosoka, kapena miyendo yonse iwiri yatupa.

Akusanza magazi, maso achita chikasu, kapena mimba ikupweteka koopsa atamwa mowa.

Woledzera sakudzuka ngakhale mumugwedeze. Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo musamusiye yekha.

Munthu akafa ziwalo mwadzidzidzi, ena amati wamenyedwa hamala ya ufiti, ndipo amayamba kulozana zala ndi kutaya masiku. Chimene chachitika ndi mtsempha wa mu ubongo umene watsekeka kapena kuphulika, kawirikawiri chifukwa cha magazi amene akhala akuthamanga kwa zaka osadziwika. Musampatse chakudya kapena madzi mokakamiza, pakuti angatsamwe. Fulumirani naye ku chipatala.

KUMBUKIRANI

1. Chimene chimaledzeretsa mu vinyo, masese, chibuku, kachasu ndi mowa wa m'botolo ndi chimodzi.

2. Mowa umakweza ma triglycerides, umadzaza mafuta m'chiwindi, ndipo umakweza magazi.

3. Mowa umakweza HDL pang'ono, koma zimenezo sizisandutsa mowa kukhala mankhwala a mtima.

4. Vinyo wofiira sawonjezera kapena kutsuka magazi.

5. Mayi woyembekezera ndi mwana asalawe mowa konse. Mowa suchulukitsa mkaka wa m'mawere.

6. Kupewa kumaposa kuchiza. Yezetsani magazi anu, ndipo limbikitsani bambo kuti nawonso ayezetse.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Tchulani mitundu itatu ya mafuta a m'magazi. Ndi uti umene mowa umakweza kwambiri?

2. Mnzanu woyembekezera wauzidwa kuti amwe vinyo wofiira kuti magazi achuluke. Mungamulangize chiyani?

3. Botolo la kachasu la mamililita 300 lingafanane ndi mabotolo angati a mowa wa m'sitolo?

4. Ndi zakudya ziti za m'munda mwanu zimene zimathandiza mtima?

5. Kodi mungachite chiyani mutaona kuti kamwa ya mnansi wanu yapotoka mwadzidzidzi?

Mukafika kunyumba, fotokozerani bambo, apongozi ndi anansi anu zimene mwaphunzira lero. Sungani kabukuka pamodzi ndi buku la sikelo la mwana, ndipo mukabweranso mwezi wamawa mubwere ndi mafunso anu.